Dzina la Lettie Latuluka pa TV

Kapata, Chipata
9 Ogasiti 1996

Okondedwa alamu a Howard,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Kitwe pamodzi ndi banja lonse. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha mphepoyi.

Lettie, mwana wa malemu mng'ono wanu, uja akuphunzira kulemba masewero a kanema ku Lusaka, watichotsa manyazi. Loweruka sewero lake loyamba linaonetsedwa pa TV. Tinadzazana kwa a Zulu oyandikana nafe, ena akusuzumira pawindo. Kumapeto dzina lake linatuluka, ndipo ine wa Giledi 4 ndinaliwerenga ndekha mokweza. Amayi a kumpingo anaimba nthungululu, amvekere, "Ameneyo ndi wathu!"

Akuti aphunzitsi ake anamuuza kuti azilemba zimene anaona ndi maso ake. Ndiye m'seweromo muli mayi wamasiye, ndi mlamu wake amene maliro atatha anakweza makina osokera pa basi. Chipewa cha bamboyo chikufanana ndi chanu. Mulungu ndi mboni, sindinamutume ine.

Alibwereza Lamlungu, choncho ndati mumve kwa ine poyamba. Chonde musamukalipire mwanayo, ndi magazi anu.

Za makina aja musavutike nazo mtima, ndinazolowera kusoka pamanja.

Ndine mlamu wanu,
Irene