Che Uladi Sabiti, Wokazinga Papadi wa pa Siteshoni ya Balaka

Ababa, lero zakwana zaka khumi ndi chimodzi chitisiyireni. Chaka ndi chaka takhala tikuika chithunzi chanuchi m'nyuzipepala, pansi pake n'kulembapo kuti munamwalira mutadwala kwa nthawi yochepa. Linali bodza. Amayi athu, a Zelifa, sadziwa kuwerenga, koma chaka chilichonse ankauza mwana wanu Rukiya kuti awawerengere, ndipo akafika pa mawu amenewo ankadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Chaka chino cha 1993 anthu ayamba kutsegula pakamwa m'mabasi ndi m'misika, ndiye amayi alamula kuti tilembe zimene zinachitikadi, wofuna kukwiya akwiye.

Kuyambira muli mnyamata munali wophika m'nyumba ya Mmwenye wina wa sitolo ya nsalu pa Balaka. Mayi wa m'nyumbamo ndi amene anakuphunzitsani kupanga papadi, timikate touma topyapyala ngati tsamba la nthochi, komanso tchevuda, chosakaniza cha mtedza, nandolo ndi mpunga zokazinga zothira tsabola. Amwenye atauzidwa kuti achoke m'matauni aang'ono akakhale m'mizinda, banja lija linafuna kupita nanu ku Limbe. Amayi anakana, amvekere ana sangakulire kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Munatsala, ndipo potsazika mayi uja anakusiyirani chiwaya chake chachikulu ndi kamtengo kotambasulira mtanda.

Ntchito inayambira pamenepo. Amayi ankasinja mphodza za m'munda wathu wa kwa Nsamala mpaka ufa kusalala, inu n'kukanya ndi mchere, tsabola ndi chidulo, poti soda amene Amwenye ankathira kunalibe kokamugula. Munkatambasula mtanda umodziumodzi mpaka munthu kumaona mizere ya m'dzanja kudzera m'kati mwake, kenako n'kuyanika pamphasa pabwalo, ife anafe tikupirikitsa nkhuku. Mtedza munkati uzilowa m'mafuta asanapse kwambiri, chifukwa mtedza wothamangitsidwa umada kunja m'kati uli wauwisi, ndipo munkati ndi mmenenso amakhalira mwana wothamangira kukula. Papadi wosweka simunkataya, munkamufufuzira mu tchevuda. M'mwezi wa Ramadhani munkakazinga masana onse muli pa swaumu, mukusala kudya, osalawa n'kamodzi komwe, koma palibe anadandaulapo za mchere.

Sitima ikaima pa Balaka munkayenda m'mbali mwa mawindo ndi lichero la timapepala topinda, mukucheza ndi aliyense. Munkaseleula alonda, amayi a nthochi, ngakhale mbuzi zobwera kudzanyambita mchere pansi pa benchi lanu. Anthu ena ankagula osamva njala, kungofuna amve zimene munene tsiku limenelo. Amayi ankakudzudzulani kuti pakamwa panu palibe chitseko, inu n'kumangoseka.

A Wyson Kachingwe, amuna awo a mlongo wanu, azakhali athu a Lukiya, anafika pa Balaka opanda ngakhale khasu. Munawapatsa mbali ya benchi lanu kuti azigulitsirapo mazira owiritsa, n'kuwaonetsanso kakazingidwe konse osabisa kanthu. Patapita nthawi anawasankha kukhala wapampando wa chipani kudera kwathu. Anayamba kuima pachipata cha msika kufunsa anthu makhadi a chipani, ndipo kuyambira pomwepo anasiya kukutchulani Che Uladi, ankangoti Uladi, ngati akuitana mwana wawo.

Mu Febuluwale wa 1981 a Wyson anabwera pa siteshoni kudzakuuzani kuti kukubwera mlendo wamkulu kudzachititsa msonkhano, ndipo iwo analonjeza kale kwa akuluakulu awo kuti dera lathu lipereka dengu lodzaza papadi ngati mphatso. Nthawi imeneyo kunali mvumbi, mvula yosakata usana ndi usiku womwe. Munawafotokozera mwaulemu kuti papadi sauma popanda dzuwa, kuti ukamuyanika pamoto amang'aluka ndi kununkha utsi, ndipo munadzipereka kukazinga mtedza ndi tchevuda wochuluka mmene angafunire, kwaulere. Iwo anakana. Anakweza mawu pamaso pa anthu kuti sanabwere kudzapempha, limeneli ndi lamulo.

Apo ndi pamene munaseka, n'kunena kuti: "Ndiye mlamu, pitani mukalamule dzuwa lituluke. Kapena nalonso mukaligulitse khadi."

Onse amene anabisala mvula pakhonde la siteshoni anafa nacho chiseko. Amayi okha sanaseke. Anali pambali panu akupinda timapepala, ndipo mpaka lero amanena kuti ataona nkhope ya a Wyson anadziwiratu kuti zaipa.

Msonkhano unachitika, dengu la papadi kunalibe. Sabata isanathe galimoto inaima kuseri kwa siteshoni masana dzuwa likuswa mtengo, sitima itaima, inu mukupereka kapepala ka tchevuda kwa mayi wina pawindo. Anatsika anthu amene sitinkawadziwa. Mmodzi anamenya lichero lanu ndi nsapato, mtedza n'kumwazika panjanji. Anakuuzani kuti mwanyoza boma, akuti munanena pagulu kuti dzuwa linalowa kale m'dziko muno ndipo amene akulamulira ndi mdima. Mawu amenewo simunanene, Ababa, ndipo pakhonde paja panali anthu ambiri amene anamva zimene munanena. Palibe anatsegula pakamwa. Okwera sitima anatseka mawindo. A Wyson anaima pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo, akuyang'ana njanji. Anthu aja anakukwezani m'galimoto muja n'kupita nanu.

Amayi anayenda ofesi iyi ndi iyo atanyamula kaphukusi ka mtedza wokazinga kuti akakupatseni. Kulikonse ankawayankha kuti dzina limenelo sakulidziwa. Pomaliza bambo wina anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti ngati akufuna kulera okha ana awo asiye kufunsa. Anabwerera nako kaphukusi kaja. Pa siteshoni anayesa kukhala pabenchi lanu, koma anthu omwewo amene ankaseka nthabwala zanu ankadutsa chapatali ngati lichero lili ndi khate. Kumjigo amayi anzawo ankasuntha ndowa zawo. Kenako a Wyson anatuma anthu kudzatenga chiwaya chanu, akuti achisunge mpaka mutabwera, ndipo m'mawa mwake anali akukazingiramo pamalo panu pomwepo. Azakhali a Lukiya sanaponde pakhomo pathu.

Amayi sanalire pamaso pathu. Anatinyamula kupita kwawo kwa Mposa, n'kuyamba kukazingira m'phale la mphika wosweka. Ankapita pa Liwonde, kumene kunalibe amene ankadziwa kuti ndi mkazi wa ndani, n'kumagulitsa m'mawindo a mabasi. Papadi wawo woyamba anali wokhuthala ngati chikopa. Ankamuswa ndi ukali, n'kukanyanso, mpaka manja anaphunzira. Ana anu Sadiki ndi Asiya apita kusukulu ndi mtedza umenewo.

Munabwera patatha chaka ndi miyezi, popanda mlandu kuzengedwa pena paliponse. Anangokutsitsani pamsewu. Rukiya anakudutsani panjira osakuzindikirani: miyendo itatupa, mano akutsogolo kulibe, mukutsokomola mogwira pachifuwa. Tsiku lina munapempha kamtengo kanu kuti muthandize amayi kutambasula. Mtanda unang'ambika, munayesanso unang'ambikanso. Munaika kamtengo pansi n'kumangoyang'ana nkhuku zikuyenda pamphasa, osazipirikitsa. Zimene anakuchitani kumeneko simunatiuze. Nthabwala sitinamvenso ngakhale imodzi. Chokhacho chimene munkabwereza kwa amayi ndi chakuti asakangane ndi munthu, ana akule. Mu Okutobala wa 1982 munatisiya.

Pamaliro panu panabwera anthu ochepa, ena ankaopa kuoneka. Koma a Wyson anabwera, atavala jekete, ndipo anaimirira kuyankhula m'malo mwa chipani. Anati munali munthu womvera, wokonda mtendere, ndipo Mulungu watenga wake. Amayi anali m'nyumba ya siwa akumva zonsezo. Analuma nsalu yawo mpaka kuiboola kuti mawu asatuluke, chifukwa ankadziwa kuti akayankhula, galimoto ija ibweranso.

Tisakubisireni, Ababa, amayi ndi okwiya nanunso. Akamatambasula papadi amakukalipirani ngati mwakhala pafupi pomwepo. Amati bambo wa ana atatu sachita nthabwala ndi munthu amene wangolandira kumene mpando, amati anakuchenjezani kangati, amati munasankha kuseketsa anthu a pa siteshoni m'malo moganiza za iwo. Akatero amadzitsutsanso okha kuti kodi munalakwa chiyani, poti dzuwa silinatulukedi. Mkwiyo wawo sudziwa pokhazikika. Tsiku lina mdzukulu wanu ananena kanthu koseketsa mwa kayankhulidwe kanu kenikeni, amayi anayamba kuseka, mwadzidzidzi n'kumukalipira mwanayo kuti atseke pakamwa, iye osadziwa chimene walakwa.

Mwezi wathawu, atamva kuti tikukonza sadaka yanu, a Wyson anafika kwa Mposa ndi akuluakulu awiri, atakoka mbuzi, chiwaya chanu chili pamutu pa mmodzi wa iwo. Akalamba, ndipo jekete lija silikuwakhalanso. Amayi anawayalira mphasa monga mwa mwambo, kenako n'kupitiriza kuswa mtedza wawo. A Wyson anayankhula nthawi yaitali. Anati zakale n'zakale, inali nthawi yovuta, aliyense ankangomvera akuluakulu, ndipo magazi amodzi sayenera kudana. M'mawu onsewo sanatchule n'kamodzi komwe chimene iwo anachita.

Atamaliza, amayi anaika lichero pansi. "Ndamva, alamu. Pitani pa siteshoni ya Balaka nthawi ya sitima, mukaime pamene ankaima malemu, mukanene mokweza mawu amene ananena tsiku lija ndi mawu amene inu munakapereka kuboma. Mukatero mubwere, mbuziyi tidyera limodzi."

A Wyson anati zimenezo n'zosatheka, munthu wamkulu ngati iwo sangadzichotse ulemu pagulu, ndiponso zinthu sizinakhazikike, sitikudziwa kumene mphepo ilowere. Akuluakulu aja anayesa kupepesa, n'kuwakumbutsa amayi kuti Allah amakonda okhululuka. Amayi anawayankha kuti zimenezo akuzidziwa, koma sanamvepo kuti munthu amakhululukidwa tchimo limene iye mwini akukana kulitchula. Chiwaya anachilandira, poti n'chathu, ngakhale chapyapyala pansi ndi zaka zimene chadyetsa ana a eni. Mbuzi inabwerera ndi chingwe chake. Mpaka lero pa siteshoni sanapite, n'chifukwa chake dzina lawo talilemba pano, kuti awerenge amene anatseka mawindo tsiku lija.

Lachisanu lapitali tinachita sadaka yanu. Ashehe anawerenga duwa yokupemphererani, anthu anabwera ochuluka kuposa amene anabwera kudzakuikani, ena mwa iwo akulephera kuyang'ana amayi m'maso. Chakumasana tinaona mayi wokalamba ataima yekha kumapeto kwa bwalo, fumbi lili mbuu kumapazi, akuopa kulowa. Anali azakhali a Lukiya. Anayenda pansi kuchokera pamsewu, opanda wowaperekeza, ndipo aka kanali koyamba kufika pakhomo pathu chikutengereni anthu aja. Tonse tinayang'ana amayi. Amayi anawayang'anitsitsa azakhaliwo, kenako anasuntha pamphasa n'kuwapatsa malo. Azakhali anakhala pansi n'kuyamba kulira, akutchula dzina lanu la paubwana limene ife sitinalimvepo.

Amayi anawasiya alire mpaka atatopa. Kenako anawauza motsitsa mawu, koma onse amene tinali pafupi tinamva: "Inu ndinu mlongo wawo, pakhomo pano ndi panu, muzibwera. Koma amuna anu akadzamwalira, musadzavutike kutumiza uthenga kuno."

Azakhali anangogwedeza mutu.

Akukulirani mpaka lero ndi akazi anu a Zelifa, ana anu Rukiya, Sadiki ndi Asiya, mlongo wanu a Lukiya, ndi zidzukulu zimene zikukudziwirani pachithunzi chokha. Allah akuyatsireni kuwala m'manda mwanu, Ababa. Inu sitidzakuiwalani, ndipo zimene anakuchitani sitidzaziiwalanso.