Chala Chozizira cha a Belu

Lolemba, 5 Julaye

Mapazi moto. Masiki yandidula pamphuno. Wodi yodzaza, ena ali pa benchi panja kudikira bedi. Koma lero ndaseka, ndiye ndilembe.

Tili ndi banja, onse awiri mliri womwewu. Bambo kuchipinda cha amuna, mayi kwa amayi, pakati khoma basi. Bambowa tawatcha a Makani. Mapapo awo afooka kwambiri. Dokotala akuti akapanda kumagona chafufumimba mpweya m'magazi sukwera, ndipo makina othandiza kupuma onse ali ndi eni ake. Iwo toto. Akuti munthu wamkulu sagona ngati buluzi. Ndanyengerera, ndaopseza, palibe chaphindu. Kenako mawu kuseri kwa khoma: "Bambo a ana, tatembenukani msanga, musandichititse manyazi!" Munthu uja tembenu. Mayiwo, mawu ngati belu, dzina lawo tsopano ndi a Belu.

Lachitatu, 7 Julaye

A Belu akuchira. Mpweya tawachotsa dzulo. Akudya, akulamula wodi yonse, akudziwa kale ndani akufunana ndi ndani pakati pa anamwinofe. A Makani akadali pa mpweya wambiri, kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi kakuonetsa 86 yokha. Ine ndikati "mankhwala" amatseka maso. Khoma likalankhula, kukamwa yasa.

Ndayimbira mwana wanga pa vidiyo. Dzino laguluka, ine kulibe. Ndalira pang'ono kubafa, kenako ndadya bwinobwino.

Lachisanu, 9 Julaye

Zasokonekera. A Belu amayenera kutuluka lero, bedi lawo likudikiridwa ndi mayi wina wa pa benchi. Kuwayeza, 88. Kubwereza, nambala kumangodumphadumpha. Chonsecho munthu akuoneka bwino, mawu mpaka kugeti. Dokotala wagwira mutu. Matendawa ndi achinyengo, munthu amaseka uku mpweya ukutha, ndiye sitinayerekeze. Abwerera pa mpweya. Magazi akayezedwe, chifuwa chijambulidwe. Nkhawa yandigwira. Ndimawakonda mayi amenewa.

Loweruka, 10 Julaye

Ndawagwira!

Ndinalowa msanga kusiyana ndi masiku onse. A Belu dzanja lamanja ataliviika m'jagi ya madzi, kuseri kwa kabati. Chala kuzizira ngati chule. Chala chikazizira kachipangizo kamanama, ndipo anaphunzira kwa ife tomwe, si timauza odwala kuti atikite manja tisanawayeze? Ndapana chakumanzere: 97. Manyazi alibe. Akuti, "Mwanawe, ine ndikatuluka, uja amutembenuza ndani?"

Ndinapsa mtima. Mpweya wa tsiku lonse wopita pachabe, mayi uja akupuma mobanika pa benchi. Ndawauza mosapsatira mawu. Kenako anadzuka n'kuyamba kupinda okha bulangete.

Lamulungu, 11 Julaye

Atuluka. Mayi wa pa benchi ali pa bedi, mpweya pamphuno, wagona tulo. Chimenecho chokha chandisangalatsa.

A Makani tsiku lonse chagada, maso kudenga, chakudya osakhudza. 84. Dokotala wayimbira kuchipinda cha odwala mwakayakaya, malo kulibe. Ndikuopa. Ndikanakhala chete kodi?

Lolemba, 12 Julaye

Asisita athu, mkulu wa anamwino, amene mano awo sitinkawaona ngakhale masiki zisanabwere, ndiwo apeza nzeru. Tinakankha bedi la a Makani mpaka pawindo loyang'ana koimika magalimoto, kumutu kwa bedi kutagunda windolo. Akagona chagada, aona denga. Akagona chafufumimba, chibwano pa pilo, aona panja. Ndipo panjapo a Belu, masiki kumaso, ambulera m'manja, akukhala pa chidebe.

Tinangotsegula windo, a Belu n'kukuwa: "Denga limenelo munalikwatira?" Odwala onse kuseka mpaka kutsokomola. A Makani atembenuka. Madzulo phala lonse psiti.

Lachinayi, 15 Julaye

91! Ndinavina pakhonde, zovala za pulasitiki zili khwasukhwasu. Woyeretsa anandiona, nayenso walowa ndi mopu yake.

Mlonda wasiya kuwathamangitsa a Belu, akuwasungira mpando. Mzere wonse wa pawindo ukugona chafufumimba chifukwa choopa mayiwo. "Inunso a pakona, ndikukuonani!" Dokotala akuti tingowalemba ntchito. Amabwera m'mawa, amachoka dzuwa litapendeka. Akuonda koma. Ndawauza adzipuma, iwonso angochira kumene. Angondigwedezera ambulera.

Lachiwiri, 20 Julaye

A Makani mpweya tinawachotsa dzana. Lero mayeso omaliza, monga timachitira ndi aliyense: kuyenda kuchoka pa bedi mpaka pachitseko chotulukira, kachipangizo kali pachala. Nambala ikagwa, kubwerera pa bedi ndi pa mpweya. Ine pambali pawo. A Belu kuseri kwa galasi la chitseko.

Pakati pa khonde a Makani anaima, dzanja pakhoma. Nambala yatsika pang'ono. Ndinayang'ana kuchitseko kuti mayi awakalipire, mwina angayende. Ayi ndithu. Manja pakamwa, misozi mpaka masiki kunyowa.

A Makani anapumira m'mwamba. "Anamwino, tamuuzeni asiye kulira, ndikubwera." Sanadikire kuti ndikanene. Anachotsa dzanja pakhoma, phazi ndi phazi mpaka kukagwira chitseko. Ine nambala osaiona, chishango changa cha kumaso nthunzi yokhayokha. Anawerenga ndi dokotala. 94. Apite kwawo!

Kuwomba m'manja kuwodi konse, ngakhale Asisita. Ndinathamanga kukatenga chikwama chawo, ndikuti ndipereke kwa mayi. Bambo analanda. Akuti anyamula okha, mayi a ana atopa.