Ndevu Zanga Zilipira

Kapata, Chipata
Ogasiti 1998

Okondedwa asuweni anga a Emily,

Muli bwanji ku Joni kumeneko? Kuno tili bwino, mtedza wachita chaka chino.

Nkhani mwalemba ija, ya makina ochotsa ndevu ndi kuwala amene mukuti leza, ndawerengera mwana wanga Hazel. Anamwetulira, msuweni. Ndinali nditaiwala kuti mwanayu ali ndi kanyazimaso. Chiyambireni kumera tsitsi pachibwano amayenda ataphimba duku mpaka kukamwa, ndipo kwaya anasiya. Anthu a ku Mtenguleni aja anabwera kudzamfunsira mbeta, anamuona masana. Anati abweranso akakolola. Nkhokwe zawo zinadzaza kale.

Mtengo mwatchulawo wandiumitsa pakamwa. Mukawafunse a dokotalawo ngati angalole kulipira pang'onopang'ono, monga tigulira mafuta ophikira a saladi pa msika. Ayambe ndi chibwano chokha, zapamlomo zidikire. Hazel akabwera azigona kwanu, sadya zambiri.

Musaseke ndi ichi. Mukudziwa kuti ndevuzi anatengera ine. Zanga ndinkazula ndi phulusa, koma ndasiya. Pa msika pano amati mkazi wa ndevu ali ndi mwayi, ndiye ogula akudutsa anzanga onse kudzagula mtedza kwa "amayi a ndevu". Ena amandiseka. Aziseka, bola agule, ndalama ya dokotala ichokera pomwepo.

Dzulo Hazel wandiuza kuti ndimete, ndikumchititsa manyazi. Ndamuyankha kuti ndidzameta tsiku limene adzatsike basi yochokera ku Joni nkhope ili pamtunda.

Ndine msuweni wanu,
Elesi