Masiku khumi a Chitedze

Lolemba, 3 Juni

Galu uja Chitedze waluma a Mervis, akazi a neba wathu a Yoramu. Padzanja. Anabwera kudzabweza kheni yothirira, podutsa pamtengo wa pichesi pomwe ndimamumangirira, basi wawagwira. Tatsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali, kenaka apita kuchipatala pa kabaza.

A Yoramu sanakalipe, ndiye zandiopsa kwambiri. Angoti, "Mayi, galuyu ndi wachiwewe. Mukalephera kumupha inu, ndimupha ndine."

Galunso si wanga. Ndi wa achimwene anga a Gracian, anandisiyira popita ku Joni mu Epulo. Chichokereni iwo, kulira masana onse, kung'amba zovala pachingwe, nkhuku ziwiri zinapita. N'chifukwa chake ndinamumanga. Lero ndi izi.

Lachiwiri, 4 Juni

Kuchoka kuno ku Biriwiri mpaka pa Boma, ulendo wachabe. A vetenale kulibe, akuti apita ku Sharpevale kukabaya ng'ombe. Ndafotokozera bambo amene ndinawapeza pakhomo kuti galu wanga wasintha khalidwe. Aseka mpaka kutsokomola. "Za khalidwe pitani nazo kutchalitchi, mayi."

Ndasiya nambala. Kabichi wanga lero sanamwe madzi.

Lachinayi, 6 Juni

A vetenale aja abwera panjinga yamoto, dzina lawo a Fabiano. Mwamwayi khadi la katemera ndinalipeza m'sutikesi ya achimwene. Akuti tisamuphe. Akhale womangidwa masiku khumi kuyambira tsiku lomwe analuma, tione ngati akudya ndi kumwa bwino, ndipo a Mervis asadumphe jakisoni ngakhale mmodzi.

Amumanga kukamwa ndi nsalu n'kusuzumira m'khutu lakumanzere. Fungo lake! Nkhupakupa zitatu, chilonda cha mafinya. Akuti mwina kheni ija inagunda pomwepo. Mwezi wonse akupukusa mutu, ine ndimati ndi ntchentche.

Kenaka mafunso, ngati ndili kupolisi. Amadya nthawi yanji? Ndikakumbukira. Anayenda liti komaliza? Ndodo ili apoyo ndi ya chiyani?

Ndinawapempha jakisoni womuziziritsa mtima. Ati, "Khutu tichiza. Koma galuyu anazolowera kutsata munthu kudimba tsiku lililonse, pano akuzungulira mtengo umodzi. Jakisoni wa zimenezo kulibe." Malamulo awo: ndodo itayidwe, chingwe chitalike, chakudya pa nthawi yake, ndizikhala naye pafupi m'mawa ndi madzulo.

Ndiye kuti wodwala ndine? Ndili ndi dimba, ana atatu, ndizikacheza ndi galu!

Lachisanu, 7 Juni

Mankhwala a m'khutu theka atayikira pansi. Wandionetsa mano onse. Dzanja linafuna ndodo, ndodo ndinaisonkhera moto dzulo. Ndangomutukwana.

Lamulungu, 9 Juni

Pobwera kutchalitchi ndapeza nthuli ya nyama pafupi ndi mtengo wa pichesi, pang'ono pokha kuti chingwe chifikepo. Pamudzi pano ndani amataya nyama? Ndaitola ndi pepala n'kuponya m'chimbudzi. Sindinafunse munthu, koma ndikukayikira kuti inali ndi poizoni. Chitedze ndamusamutsira kuseri kwa khitchini.

Achimwene anaimba. Ndawauza zonse, iwo n'kumati, "Ungomusamala, mlongo, ndi galu wabwino." Wabwino ali kuti? Foni inaduka ndisanawayankhe bwino, mwina ndi mmene zinakhalira bwino.

Kutchalitchi a Mervis anakhala benchi lina.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndakhala naye posenda mbatatesi. Iye uko, ine kuno, tonse okwiya.

Lachitatu, 12 Juni

Nzeru ya a Fabiano pafoni: kachidutswa ka bonya kaye, dontho limodzi m'khutu, bonya wina. Yatheka, koma mpaka madontho atatu okha. Ndiwo za ana zikuthera galu.

Wakumbanso dzenje, khoma la khitchini latsala pang'ono kugwa.

Lachinayi, 13 Juni

Tsiku lakhumi. A Fabiano abweranso, ndipo ndinaitana a Yoramu kuti adzionere okha. Chitedze wamwa madzi mbale yonse, wadya. Akuti si chiwewe, khutu nalo likuuma.

Ndimayembekeza kuti mtima ukhala pansi. A Yoramu angoti, "Tamva. Koma akangoponda pakhomo panga, musadzandifunse." A Fabiano anandiuza pambali kuti galu amene analumapo ndisamukhulupirire msanga, ndiyambe kupita naye kudimba koma ali pachingwe nthawi zonse. Mpaka liti? Akuti sangalonjeze.

Loweruka, 15 Juni

Kudimba ndi Chitedze. Wandikoka motsetsereka monse, ndagwa kawiri, chitenje matope okhaokha. Ndinalumbira kuti mawa ndimusiya.

Pobwerera, pakanjira kopapatiza kaja ka pamlatho wa mitengo, ndangoona a Mervis akubwera, mtolo wa mpiru pamutu. Pothawira palibe. Chitedze anauma thupi lonse, ubweya wapamsana njo. Ndinakulunga chingwe kudzanja, n'kugwada, n'kumukumbatira mutu.

A Mervis anaima. Kenaka anati, "Mwamugwira bwino, Zione?"

Ndinati eya.

Anadutsa, chitenje chawo mpaka kumukhudza mphuno. Chitedze sanauwe. Amangonjenjemera atatsamira bondo langa.

Atapita ndi pomwe ndinaona kuti dzanja langa lakanikiza khutu lodwala lija. Nthawi yonseyo, ndipo iye osalichotsa.