Kaba Yoyera ya Achemwali Kukuwa

Saltpond,
14 Januwale

Okondedwa achemwali anga Kukuwa,

Ndagwira cholembera ngati mwana wasukulu chifukwa pa foni mwayamba kundizemba. Ndikangoti ndiyambe nkhani, inu mwati netiweki ya ku Tamale yavuta, foni thi! Ndiye lero sindizungulira. Ndikudziwa za chotupa chimene chili m'bere lanu lakumanzere, ndipo ndikufuna tipite nacho kuchipatala. Musang'ambe pepalali musanafike kumapeto, ndakupemphani.

Kuno tili bwino. Mphepo yafumbi ija yafika, tauni yonse ili mbuu ngati wina waiwaza ufa. Dzuwa likumatuluka loyera, loti mungaliyang'ane osaphethira, ndipo mabwato akamabwera kumtunda amaoneka ngati akuyandama m'mwamba. M'mawa ndimayenda mpaka ku mitengo ya kokonati kuseri kwa tchalitchi, monga anandilangizira adokotala. Masiku ena sindidziwa ngati ndikuyendadi kapena ndikulota kuti ndikuyenda. Chimalizireni mankhwala aja, dziko likundibwerera pang'onopang'ono. Dzana fungo la kenke wotentha, nsima yathu yosasa yokulunga m'masamba ija, linandipeza panjira, fungo lomwe lija linkandisanzitsa, ndipo ndinaima pakati pa msewu n'kumangolimva mpaka wanjinga anandikalipira. Tsitsi lamera, lofewa ngati la khanda. Bambo a Fiifi akuti supu yanga yasanduka madzi amvula chifukwa ndachepetsa mchere ndi mafuta n'kuchulukitsa masamba, koma mbale amaisiya ngati yatsukidwa.

Mukudziwa kuti mwezi wamawa ndimayenera kuvala zoyera kutchalitchi, kuthokoza Mulungu kuti ndachira, inu ndi abale onse mutavala nsalu imodzi ndi ine, monga timachitira kwathu. Mutanditumizira uthenga woti simubwera chifukwa palibe wosiyira shopu, ndinalira, sindikubisirani. Ndinati shopu yamatawulo ndi mabeseni yaposa ine?

Lachisanu ndinapita kwa Mayi Baaba, atelala athu, kukayesa kaba yanga, bulauzi yovala pamwambowo. Mayi aja, mwa chifundo chawo, anasokera kathumba mkati, mbali yakumanja kumene anandidula bere, n'kuikamo thonje. Nditavala n'kudziyang'ana pagalasi, ndinaona Araba wakale uja ataima, wathunthu, ngati wangochokera kumsika. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinamusowa, achemwali, ndinamusowa kwambiri. Koma ndinawauza kuti achotse thonjelo. Iwo anakana, akuti tchalitchi chonse chidzandiyang'ana pachifuwa m'malo moyang'ana kuguwa. Ndinati n'zimene ndikufuna. Ndikadzavina ndili wathunthu, azimayi adzati ndinadwala malungo. Adzaone kuti munthu amadulidwa bere n'kuvina, mwina wina adzapita kukayezetsa.

Ali mkati mosomola ulusi uku akung'ung'udza, maso anga anagwera pa kaba yanu, itapachikidwa pamsomali. Mbali yakumanzere inali yotakasuka kuposa inzake. Ndinawaseka kuti ukalamba wafika m'maso, ayambe kusoka mapilo basi. Sanaseke. Anakhala pansi, sizasi ili m'manja, ndipo anandiuza kuti pa Khirisimasi mutabwera kuno, pokuyezani, tepi itangokhudza pamenepo munadumpha ngati mwaponda khala. Munawauza kuti asiye malo mbali imeneyo, ndipo munkanunkhira mafuta odzola a mtedza wa shiya osakaniza ndi masamba. Atakufunsani munati ndi kachithupsa chabe, koma asandiuze.

Musawakwiyire. Chidwalire ine, Mayi Baaba sayeza mzimayi osamufunsa kuti anadzigwira liti komaliza posamba. Ena amawatukwana, ena amapita kuchipatala mwakachetechete n'kudzawabweretsera mazira. Chinsinsi chanucho anachisunga mpaka chinawadwalitsa mutu, ndipo pondiuza ankalira.

Ndikudziwa chimene mukuopa, chifukwa munandiuza nokha tsiku lija ndisanalowe kuopaleshoni. Munandigwira dzanja pabenchi, munati:

"Araba, amayi anakubereka ndi mawere awiri. Ukadzapita kumene aliko uli ndi limodzi, akakuzindikira bwanji?"

Nanenso ndinkaopa zomwezo. Tonse tinakula tikumva kuti wopita kwa makolo chiwalo chitasowa amadzabadwanso chitasowa. Ndinalowa m'chipinda muja mawu anuwo ali pakhosi.

Yankho ndinalipeza miyezi ingapo yapitayo, masana, nditagona pamkeka pansi pa mtengo wamango. Ndinalota ndili pamsewu wakumudzi kwa amayi, koma msewuwo unali madzi osaya, ofunda, ofika m'akakolo, ndipo tinsomba tinkadutsa pakati pa zala zanga. Kutsogolo kunali azimayi ambirimbiri atavala zoyera, akuyanika nsalu pa udzu. Ndinaphimba chifuwa ndi manja, manyazi atandigwira. Ndili kutali, nkhope zawo zisanaoneke n'komwe, mmodzi anaweramuka n'kuika dzanja pachipumi, ndipo ndinamva mawu aja:

"Uyo ndi Araba wanga, taonani mayendedwewo, ngati bakha wochedwa kumsika!"

Azimayi onse anaseka. Nditafika, amayi sanayang'ane pachifuwa ngakhale pang'ono. Anandigwira m'mutu, akuti tsitsi ili wapesa ndi chiyani, kenako anandibweza, akuti zovala sizinaume, ndibwerere kwathu. Ndinadzuka tsamba lamango lili pamphumi, ndikuseka ndekha, misozi ili m'makutu.

Mwina muti maloto ndi maloto. Chabwino. Koma zimene tinaona ndi maso si maloto. Amayi anabisa chilonda chawo pansi pa nsalu mpaka fungo linawaulula. Tinati ndi chilonda cholodzedwa, tinawanyamula kupita nawo kumapiri a mapemphero, ndipo dzina lenileni la matendawo palibe analitchula. Inali khansa, achemwali. Anapita ndi mawere awo onse awiri, ndipo ife tinatsala opanda mayi, inu mukundiphikira ndi kundiluka tsitsi muli mwana nanunso. Ine sindikufuna kukuikani m'manda muli wathunthu. Ndikufuna muzinditukwana mpaka tonse tigwe mano.

Komanso n'kutheka kuti si khansa. Anamwino amatiuza kuti zotupa zambiri zimakhala zopanda vuto, koma wodziwa ndi amene wayeza, osati mafuta a shiya. Ikakhala iyo, njira yake ndaiyenda, ndikudziwa pamene pali minga. Ndikudziwa chimene chimatsika kukhosi pakamwa pakamawawa, ndikudziwa mpango umene suyabwa pamutu wopanda tsitsi. Pempherani mmene mungathere, nane ndipemphera, koma tizipemphera tili pamzere wa kuchipatala.

Ndawauza abusa kuti mwambo wothokoza uja aukankhire kutsogolo. Anadabwa, anati zonse zakonzeka, azimayi aphunzira kale nyimbo. Ndinati ndilibe mwendo wovinira pamene mkulu wanga akugona chammbali kuopa kutsamira bere. Nsalu siwola. Lachinayi ndikwera basi yobwera kumeneko. Mukafuna mudzandichingamire, mukafuna mudzabisale kuseri kwa mabeseni anuwo, ndidzakupezani. Ndinu aakulu, sindinakulamulenipo chibadwire, koma ulendo uno mundikhululukire.

Moni kwa alamu, muwauze nokha ndisanafike, asadzamvere kwa ine. Moni kwa ana, makamaka Ewurasi, amene wafika msinkhu woti timuphunzitse kudzigwira posamba, ife awiri, tikuseka, osati monong'ona. Fiifi akuti mumusungire chiponde. Bambo ake akuti mubwere mudzawapulumutse ku supu yanga. Mayi Baaba akuti mukawatukwana alandira, bola mudzawatukwane muli moyo.

Ndipo moni kwa inu, amene munandilera. Musaope kundiona mmene ndililimu. Ndikadzafika tidzatseka chitseko, ndidzavula, mudzaone chipseracho ndi maso anu, mudzachigwire ndi dzanja. Kenako inunso mudzandionetse.

Ndine mng'ono wanu,
wa bere limodzi, wamoyo,

Araba