Nsapato za Lumbani

Ilford, 14 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Betty,

Mwadzuka bwanji kumudziko? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Mwana wanu Greenwell ndi mkazi wake Mei akupereka moni.

Mdzukulu wanu Lumbani akuyamba sukulu pa 4 Sepitembala. Mayi ake amati kwawo ku China mwana wa zaka zinayi sakhala chabe. Choncho Lolemba amakaphunzira kusambira, Lachitatu piyano, Lachisanu masamu owerengetsera ndi mikanda, Loweruka Chitchaina. Womuperekeza pa basi ndine. Poopa kuchedwa, ndimamuveka ndekha chilichonse.

Lachiwiri pa 2 Julaye kunabwera aphunzitsi ake, poti kuno amayamba adzaona mwana pakhomo. Lumbani anawerenga mpaka handiredi m'zilankhulo ziwiri, n'kuimba piyano. Aphunzitsi anaomba m'manja, kenako anati avale jekete ndi nsapato. Iye anangokhala pansi, n'kunditambasulira miyendo.

Aphunzitsiwo anaseka pang'ono, amvekere piyano ndi yabwino, koma m'kalasi mulibe agogo.

Atachoka, Mei anafufuza pa foni kalasi yophunzitsa ana kuvala. Sanaipeze. Anandifunsa mwaulemu kuti kwathu ana amakaphunzira kuti zimenezi. Achemwali, ife anatiphunzitsa ndani? Paja nsapato zoyamba ndinavala ndili Sitandade 6.

Lachitatu pa 10 ndinamuikira nsapato pakhomo, manja anga ndinabisa m'chitenje. Analira, basi inatisiya, ina inatisiyanso. Anavala ndithu, koma yakumanja kumanzere. Ndinamusiya choncho. Ku piyano tinapeza anzake akutuluka.

Mei atabwera ku ntchito anayang'anitsitsa mapaziwo.

"Amama, wavala yekha?"

Ndinavomera. Sanakwiye, komanso sanaseke. Anajambula mapaziwo n'kutumiza kwa mayi ake ku China. Zomwe anakambirana sindinamve. Greenwell akungoti musadandaule. Dzulo Mei wandigulira sikafu yofiira, koma wandikumbutsanso kuti piyano imayamba folo koloko.

Ndiye sindikudziwa ngati andithokoza kapena andidzudzula. Mwanayu sindikufuna akakhale pansi pamaso pa anzake, miyendo ili tambasu, kudikira ine. Inu munalera ana asanu ndi awiri. Kalatayi ndaitumiza pa foni ya mwana wanu Paterson. Muuzeni andiimbire, mundiyankhe Lachitatu lisanafike: ndimuveke, kapena tichedwenso?

Mundiperekere moni kwa alamu ndi onse a kumpingo. Ambuye akusungeni, mwendowo uchire.

Ine mng'ono wanu,
Lois