Mvula ya Digiri Imodzi

Lolemba, 8 Seputembala

Achimwene Alistair ameta nkhosa. Zazikazi zonse 900, zabere, kwatsala masabata awiri kuti ziswe. Ndinawauza Loweruka, ndawauzanso dzulo: azanyengo akuti kukubwera mphepo ya kummwera, digiri imodzi, ndi mvula. Yankho lawo: "Iwe Bronwyn, ometa sadikira wailesi yakoyo. Chipale chofewa chinaphapo nkhosa ya yani kuno ku Otago?"

Wanena za chipale ndani? Chipale n'chouma, nkhosa imangochikutumula. Choopsa ndi mvula yozizira ija, yolowa mpaka pakhungu. Zaka 52, wobadwira pafamu pano, asadziwe zimenezi? Akudziwa. Vuto n'loti wanena ndine.

Bambo ali pampando wawo. Famu anaipereka kwa mwana wamwamuna, alankhulenso chiyani.

Lachitatu, 10 Seputembala

Yafika. M'mawa mvula wamba. Masana yosakanikirana ndi chipale, yomenya cham'mbali ngati mchenga. Choyezera cha pakhonde: digiri imodzi tsiku lonse, osasuntha. Kukanangozizira pang'ono kuposa apa, bwenzi kukugwa chipale chenicheni, tikanapulumuka.

M'shedi mumalowa 300 basi. Zina 600 zili kumtunda, zopanda ubweya, zaunjikana pakona ya mpanda. Ndayesa ndi agalu kuzitsitsira ku mitengo ya paini. Osasuntha. Nkhosa ikazizidwa imangoima, kudikira.

Zala zikukana cholembera.

Lachinayi, 11 Seputembala

Kwacha zonse zili ngati galasi. Mvula ikumagwa ili madzi, n'kuundana pomwe yakhudza. Waya wa mpanda wanenepa ngati chala. Loko wa pageti ndachita kuswa ndi hamala. Ndagwa kawiri, bondo latupa.

Ndawerenga nkhosa zakufa mpaka 140, ndasiya. Zina zataya bere, tiana tauma titamatirira pa udzu. Yanga ija ya khutu long'ambika, yomwe ndinailera ndi botolo kukhitchini, nayonso.

Achimwene abwera ndi thirakitala. "Bron, gwira miyendo tikweze." Ati Bron, ngati tikadali ana! Ndagwira. Kumaso sindinawayang'ane.

Loweruka, 13 Seputembala

Zakufa zonse 217. Dzenje takumba kuseri kwa chitunda.

Ngaire wa famu yoyandikana nafe wabwera ndi supu ndi buledi. Zake sanamete, wataya zinayi. Zinayi! Akuti, "Pepa mnzanga, nyengo ilibe mwini." Pang'onong'ono ndimugende ndi mphika wake womwewo. Nyengo ilibe mwini, inde. Koma lumo lili ndi mwini wake.

Kukhitchini tiana tamasiye 11 m'makatoni, pafupi ndi mbaula. Kulira, fungo, mabotolo maola atatu alionse. Ine ndi achimwene osalankhulana. Mchere tikupatsirana kudzera mwa bambo.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Dzuwa. Madzi ali chuchuchu padenga, mbalame zikuimba ngati palibe chachitika. Zopanda manyazi.

Achimwene ndawapeza m'shedi akusenda kamwana ka nkhosa kakufa, kuti chikopa chake tiveke kamasiye, make wa kakufako akalandire ngati kake. Mpeni ukungowapulumuka. Kuyang'anitsitsa: zala ziwiri zada kunsonga. Chisanu chinazidya Lachinayi lija, osauza munthu. Ndalanda mpeni, ndamaliza ndekha.

Ali chiimire pomwepo, akuti, "Ndalankhula ndi bambo. Famu utenge iwe. Ine ndikupita kutauni ku Dunedin, ndikasake ntchito ina."

Zaka makumi awiri ndikudikira mawu amenewa. Ndiye andipatse lero, dothi la padzenje lisanaume? Aphe nkhosa, athawe, ine nditsale ndi mabotolo?

Ndawauza: "Palibe komwe mukupita, achimwene. Zotsalazi ziswe kaye, kamwana kalikonse mukaone ndi maso anu. Kwerani galimoto, zala zimenezo akazione adokotala."

Akwera. Ndayendetsa ine, mano ndili gwa, wailesi yozimitsa. Titafika pamlatho ayamba kulira, munthu wamkulu, mokweza ngati mwana. Ndinali ndi mawu ambiri omwe ndinawasungira sabata yonse. Ndaimika galimoto pambali pa msewu kuti ndiwanene onse, koma ndangopezeka ndawagwira paphewa.